Mapasa a pa Mkuwa

Chipinda chimene Nasingano ankagwiramo ntchito chinali pansi penipeni pa nyumba ya kafukufuku, kumene chikepe sichifika ndipo foni siigwira. Anzake a m'maofesi a m'mwamba ankangokutchula kuti kudzenje. Sikuti anamuponya kumeneko pomuda ayi. Makina ake ndiwo anali ovuta mtima: lole ikadutsa pamsewu ankanjenjemera, wina akamenyetsa chitseko ankanyanyala, ndipo munthu akamva kuti chiyetsemulo chikubwera ankayenera kuthamangira kukhonde. Choncho anawakhazika pansi pa zonse, atawapachika pa masipuling'i kuti dziko likamagwedezeka iwo asamve.

Kwa munthu wongofika, makinawo anali chimphika cha chitsulo chodzaza mabawuti, chokulungidwa m'mapepala onyezimira, chokhala ndi timawindo tozungulira tosuzumirapo. M'kati mwake munalibe mpweya ngakhale pang'ono, poti mapampu ankaukoka osapuma. Pakati pa chimphikacho pankagona kachidutswa ka mkuwa kangati chikhadabo, kosalala kuposa galasi, ndipo pamwamba pake pankalendewera singano. Singanoyo ndiyo inamupatsa mayiyu dzina. Ankaisula yekha kuchokera ku kawaya, akukaviika m'madzi a soda woyabwa mpaka kunsonga kutatsala atomu imodzi yokha. Singanoyo sinkagunda mkuwa. Inkangoyandikira kwambiri mpaka kamphamvu ka magetsi n'kumadumpha kampata kotsalako, kenako n'kumayenda mzere ndi mzere, ikukwera pamene patumphuka, ikutsika pamene paloŵa. Kompyuta inkasandutsa kukwera ndi kutsikako kukhala chithunzi. Umu ndi mmene anthu a ntchitoyi amaonera maatomu, mopapasa ngati munthu wofuna machesi mumdima.

Singano yabwino ndi yosoŵa. Zambiri zimene Nasingano ankasula zinkatuluka zobuntha kapena zokhota, n'kuthera m'kabotolo ka zinyalala. Imene inali m'makina nyengo imeneyo anaitcha Apongozi, chifukwa inkafuna kuiyandikira mwaulemu, ndipo tsiku limene yakwiya sinkanena chimene walakwa. Koma ikasangalala, zithunzi zake zinkamuiŵalitsa munthu nkhomaliro.

Mwini dzenjelo anali pulofesa wachikulire amene aliyense ankamutchula kuti a Dikirakaye. Wophunzira akathamangira kwa iwo maso ali gwa kuti watulukira chachilendo, iwo ankavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, n'kunena mawu aŵiri omwewo: dikira kaye. Nasingano anakulira m'manja mwawo. Ndi iwo anamuphunzitsa kumanga bawuti popanda kupotoza chitsulo, ndi iwonso anamukhomerera m'mutu kuti chilichonse chokongola chikaoneka pa kompyuta, woyamba kumukayikira ndi singano. Tsopano nthaŵi yawo yopuma ntchito inali itayandikira. Mu ofesi yawo makatoni anali atayamba kuchuluka kuposa mabuku, ndipo anali atapemphedwa kudzalankhula komaliza pamaso pa anzawo onse a ntchitoyi.

Panali nkhani imodzi imene a Dikirakaye sankakonda kuitchula, ngakhale aliyense ankaidziŵa. Akali mnyamata wa tsitsi lakuda, anaŵerengetsera ndi choko kuti timagulu ta maatomu ta utoto wina wabuluu, tikaikidwa pa mkuwa wozizira kwambiri, sitikhala patokhapatokha koma timagwirana tiŵiritiŵiri. Pamwamba pa mkuwa wotero maatomu amandanda m'mizere ngati munda wolimidwa bwino, ndipo iwo ankati mapasawo azigona motsata mizereyo. Akuluakulu a nthaŵiyo anawaseka. Ankati tinthu timeneti timakankhana, nanga tingagwirane bwanji? Makina oti n'kuthetsa mkanganowo kunalibe, ndiye mnyamatayo anangomeza malovu n'kupitiriza zina. Koma munthu amene wasekedwa pagulu saiŵala, amangosiya kunena.

Nasingano anaganiza zoti imeneyi ikhale mphatso yake yotsanzikira. Ena ankasonkherana zogula wotchi, iye anatsika kudzenje osauza munthu. Anayeretsa mkuwa, kuutenthetsa mpaka kufiira, kuuziziritsa mpaka mapaipi kuchita chisanu, n'kuwazapo kautsi ka utoto uja. Anayesa n'kulephera kambirimbiri. Ndiye m'maŵa wina Apongozi anadzuka bwino, chithunzi n'kuyamba kutsika pa kompyuta mzere ndi mzere, ndipo pa mizere ya mkuwa panaoneka timadontho towala. Kadontho kalikonse kanali ndi kanzake pambali. Anayang'ana pamwamba, pansi, pakati: tonse tiŵiritiŵiri, motsata mizere, ndendende mmene choko chinanenera.

Anakwera masitepe kukaitana mphunzitsi wake. A Dikirakaye anatsika naye pang'onopang'ono atagwira chitsulo cha m'mbali, poti mawondo anali atayamba kuwalamulira. Anaima pa kompyuta, navula magalasi, nawapukuta ndi tayi. Nasingano anadikira mawu aŵiri aja. Sanabwere.

"Ndi aŵiriaŵiri," anatero mkuluyo, mawu ali pansipansi. Anakoka kampando n'kukhala pomwepo mpaka madzulo.

Kuyambira tsikulo dzenje linasanduka ofesi yawo. M'maŵa uliwonse ankatsika n'kufunsa kuti mapasa athu adzuka bwanji. Anayamba kuimba likhweru m'makhonde, chinthu chimene ngakhale mlonda wakale kwambiri ankati sanachimvepo. Mutu wa nkhani yawo yotsanzikira anausintha. Tsiku lina anabwera ndi akazi awo, mayi wamfupi wa maso akuthwa, amene nkhani ya utoto wabuluu anayamba kuimva akali pachibwenzi. Mayiyo anatsika masitepe chikwama chili kukhwapa, anayang'ana chimphika, anayang'ana amuna awo amene anali atagwira kompyuta pakona ndi dzanja limodzi ngati akuopa kuti ithaŵa, kenako anayang'anitsitsa timadontho tija.

"Ndiye timeneti ndi timene tinandilanda mwamuna?" anafunsa. Onse anaseka, koma Nasingano anaona kuti mayiyo akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Pochoka anapempha kuti amusindikizire chithunzicho, akachipachike pabalaza.

Posindikizapo ndi pamene Nasingano anakaona. Pakona ya m'munsi pa chithunzicho panali kachitsotso, kalitsiro kopanda maonekedwe kamene kanatsalira pa mkuwa, monga zimachitikira ngakhale munthu ayeretse chotani. Kachitsotsoko nakonso kanali ndi kanzake. Mbali yomweyo, mtunda womwewo.

 Litsiro silidziŵa masamu a a Dikirakaye, ndiye lingapeze bwanji mnzake? Yankho ankalidziŵa, ndipo aliyense wa ntchitoyi amalidziŵa asanadziŵe kumene kuli chimbudzi. Nthaŵi zina nsonga ya singano imachita mphanda, maatomu aŵiri n'kutsogola m'malo mwa imodzi. Ikatero, chilichonse chimene yadutsapo imachipapasa kaŵiri, ndipo chithunzi chimadzaza mapasa amene kulibe. Njira yodziŵira choonadi ankaidziŵanso. Umanyamula mkuwawo ndi kadzanja kachitsulo ka m'makinamo, n'kuutembenuza kuti mizere yoimirira igone chopingasa. Ngati mapasa ndi enieni, amatembenuka pamodzi ndi mizere yawo. Ngati ndi a singano, amangoyang'anabe kumene ankayang'ana.

Chimene anachita Nasingano n'chosayamikika. Anasuntha singano pang'ono kuti kachitsotsoko katuluke m'chithunzi, najambulanso, nasindikiza chatsopanocho. Anadziuza kuti mwina tinali tizitsotso tiŵiri togwa moyandikana, zimachitika. Anadziuzanso kuti kutembenuza mkuwa n'kuika Apongozi pangozi, poti dzanja likangotsetsereka pang'ono singano yapita. Zifukwa zinali zomveka zonse, koma manyazi sanamuchoke. Mapasa amene dzulo lake ankamukoka kudzenje tsopano sankafuna n'kuwayang'ana komwe.

Kunyumba mwamuna wake anazindikira msanga. Iyeyu anali namwino, wozoloŵera kuŵerenga nkhope za anthu amene akuti ali bwino pamene sali bwino. Madzulo ena, ana atapita kukaseŵera kwa azakhali awo kuseri, anamupeza mkazi wake atakhala pakhonde, akusoka batani la yunifolomu ya mwamunayo koma ulusi osaloŵa pasingano. Anamuseka kuti katswiri wa masingano m'dziko lonse wagonja kwa singano ya m'nyumba. Ataona kuti sakuseka, anakhala pansi n'kufunsa kuti kudzenje kwagwanji.

Nasingano anayamba ndi kumuonetsa. Anamuuza atsinzine, apingase chala chapakati pamwamba pa chamkombaphala, kenako anaika batani lija patebulo n'kumuyendetsa nsonga za zala ziŵirizo pamwamba pake. Anamufunsa kuti akumva mabatani angati. Mwamunayo anati aŵiri. Atatsegula maso n'kupeza limodzi, anayesanso, nayesanso, akuseka ngati mwana, mpaka anakatenga nyemba kukhitchini kuti aone ngati nayonso ichita chimodzimodzi. Inachita. Apo mkazi wake anamufotokozera zonse: kachitsotso, mphanda, ndi kutembenuza kumene ankakuzemba.

"Ndiye tembenuzani, amayi ake," anatero mwamunayo, chala chikadali pa nyemba.

"Ndikatembenuza n'kupeza kuti ndi singano? Munthu uja wayamba kuimba likhweru. Akazi awo agula kale felemu yoikamo chithunzi."

Mwamunayo anakankhira nyemba pambali. Kenako anafunsa ngati anthu odzamvera nkhani yotsanzikira ija amadziŵa za mphanda. Nasingano anati amadziŵa onse, ndipo ena mwa iwo ndi ana a anthu omwe aja anaseka poyamba. Atangonena zimenezi anaona yekha holo yodzaza, dzanja likukwera kumbuyo, funso losavuta likufunsidwa mwaulemu, ndi a Dikirakaye ataima kutsogolo tayi ili m'manja. Mantha amene anali nawo anasintha malo. Batani sanalisoke tsikulo, ndipo mwamuna wake anapita kuntchito m'maŵa mwake atamanga ndi pini.

Nasingano anafika kudzenje molaŵirira, ndi maganizo oti atembenuze yekha mkuluyo asanatsike, kuti ngati ndi zoipa akhale ndi nthaŵi yosankha mawu. Koma atatsegula chitseko anapeza nyali zoyaka. A Dikirakaye anali atakhala pa kampando kaja, osati pa kompyuta monga mwa masiku onse, koma kuseri kwa chimphika, pamene panatulukira chogwirira cha kadzanja kachitsulo. Sankachigwira. Ankangochiyang'ana, manja ali pa mawondo.

Anapatsana moni ngati anthu okumana kuchipatala. Kenako mkuluyo anati ali ndi funso limene lakhala m'kamwa mwawo kuyambira tsiku loyamba, ndipo latsala pang'ono kuwaolera momwemo.

"Mayi, munatembenuza?"

"Ayi, bambo."

Anagwedeza mutu ngati amva zimene ankayembekezera. Nasingano anayatsa kompyuta, natulutsa chithunzi choyamba chija, chosadula, naloza pakona. Anayamba kufotokoza kuti iye anakaona posindikiza ndipo anakabisa, koma mkuluyo anakweza dzanja.

"Tsiku limene ndinabwera ndi mayi a kunyumba, chala changa chachikulu chinali pati?"

Nasingano anakumbukira dzanja lija pakona ya kompyuta. Anayang'ana mphunzitsi wake, munthu amene anakalamba akuuza ana a eni ake kuti adikire kaye, ndipo kuseka kunamutulukira kosakonzekera. Nawonso anaseka mpaka kutsokomola, n'kuthamangira kukhonde kuopa kukwiyitsa Apongozi. Akatswiri aŵiri, wina kubisa litsiro ndi chala, wina kulikankhira kunja kwa chithunzi, aliyense akuopera mnzake. A Dikirakaye anati iwo ankaopa kumulanda Nasingano ntchito imene anaivutikira yekhayekha, koma atapuma anavomera kuti limenelo ndi theka chabe, theka linalo ankadziopera okha.

Mkuluyo anaika diso pa kawindo, Nasingano n'kugwira chogwirira. Anakweza Apongozi kutali. Kadzanja kanaloŵa, kanatsina mbale ya mkuwa m'mbali, kanainyamula. A Dikirakaye ankanong'oneza kuti kumanzere pang'ono, basi, tsitsani, ngati akuthandiza munthu kuimika galimoto pothina. Mbale inakhazikika itatembenuka. Pambuyo pake panalibe chochita koma kudikira kuti zonse zizizirenso ndi kuti singano itsike yokha, poti imatsika mwakachetechete ndipo siifulumizitsidwa.

Podikirapo Nasingano anadabwa kupeza kuti mantha amuchoka, ndipo m'malo mwake mwaloŵa chidwi chimene chinamubweretsa ku ntchitoyi poyamba. Ankafuna kudziŵa basi. Pa kachidutswa kangati chikhadabo panali yankho limene linakhalapo kuyambira kale, losasamala za holo, za felemu kapena za munthu wina aliyense, ndipo masana omwewo aŵiriwa anali oti akhale oyamba kuliona. Anauza mkuluyo zimenezi. Iwo anati n'chimodzimodzi kwa iwo.

Chithunzi chinayamba kutsika. Mizere ya mkuwa inaoneka poyamba, tsopano itagona chopingasa, umboni woti mbale yatembenukadi. Kenako kadontho koyamba. Kanzake kanali pomwe kankakhala kale, kosatsata mzere, kodumpha ngalande ngati sikakuiona. Kachiŵiri chimodzimodzi. Kachitatu chimodzimodzi. Munda unatembenuka, mapasa sanatembenuke.

 Nasingano anamva chisoni chenicheni, cholemera, ngati wanyamulira munthu mphatso ulendo wonse n'kupeza kuti phukusi ndi lopanda kanthu. Anatambasula dzanja kuti aimitse makina.

"Dikira kaye, mwananga."

Anawasiya. A Dikirakaye anayang'ana chithunzicho mpaka mzere womaliza, osavula magalasi. Atatha anafunsa ngati batani lokonzera singano likadali pomwe linali kale. Singano ya mphanda ili ndi mankhwala amodzi: umaigunditsa dala pa mkuwa, pamalo opanda kanthu, kuti nsonga ithyoke n'kumera ina. Nthaŵi zina imachira, nthaŵi zina imatheratu. Nasingano anasuntha singano kupita kutali ndi timadontho, nasendeza kompyuta. Mkuluyo anadina yekha.

Apongozi anachira. Chithunzi chotsatira chinatuluka choyera kuposa zonse zimene Nasingano anajambulapo, ndipo kadontho kalikonse kanali kokhakokha. Anthu oseka aja, amene ambiri anali atagona kale, ananena zoona.

Nasingano anayamba kupepesa, koma anaona kuti sakumvedwa. A Dikirakaye anali ataŵeramira pa kompyuta mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi. Anatenga cholembera m'thumba la malaya n'kuyamba kuyeza mpata wa pakati pa kadontho ndi kanzake, apa, apo, uko.

"Taonani, mayi. Atalikirana mofanana onse."

Nasingano anayang'ana. Zinalidi choncho. Tinthu tongokankhana tikanabalalika mwachisawawa, kena apa kena kutali, poti malo analipo ambiri. Koma timeneti tinali titasonkhana chigawo chimodzi, kalikonse katasiya mpata wofanana ndi kanzake, ngati anthu pamzere wa ku banki amene safuna kugundana komanso safuna kuchoka. Mapasa abodza aja ndiwo ankaphimba zimenezi. Ndani ankauza timadonthoto mtunda? Nasingano anati mwina ndi mkuwa womwewo, mwina muli kena kake koyenda pansi pa timadonthoto kamene kamatisunga. Mkuluyo anati mwina, nayamba kulemba masamu kuseri kwa chithunzi chosindikizidwa chija, chimene chinali chisanapite kwa akazi awo. Analemba mizere ingapo mofulumira, kenako cholembera chinaima.

Ankadziŵa onse aŵiri chimene chawaimitsa. Funso lotere silitha pa mwezi umodzi, ndipo m'mwamba makatoni anali atamatidwa kale.

Nasingano anafunsa za nkhani yotsanzikira. Iwo anati adzaonetsa zithunzi zitatu, cha mapasa, cha mkuwa wotembenuzidwa, ndi ichi, ndipo adzanenanso za chala chachikulu kuti achinyamata adziŵe kuti matendaŵa sasankha msinkhu. Anafunsanso za mayi a kunyumba ndi felemu yawo. Apo nkhope ya mkuluyo inagwa pang'ono. Anati amenewo akawauza okha, pamaso, osati pa foni.

Kenako anasendeza pepala lija patebulo mpaka linafika pa dzanja la Nasingano, mbali ya masamu osatha ili pamwamba.

"Moyo wonse ndimafuna kudziŵa chifukwa chake amagwirana, pamene sagwirana n'komwe. Funso labwino landipeza nditamanga katundu. Ndi lanu, mayi. Mukadzapeza yankho mudzandiuze, ngakhale ndidzakhale nditaiŵala masamu."

Nasingano anatenga pepalalo. A Dikirakaye anaimirira, nakonza tayi, nayenda mpaka pachitseko. Nasingano anamva mapazi awo akuyamba masitepe, limodzi, lina, kenako zii. Posakhalitsa chitseko chinatsegukanso mwakachetechete, ndipo kampando kanakokedwa kufika pambali pake.

"Mayi a kunyumba sathaŵa," anatero mkuluyo akupukuta magalasi. "Tasunthirani singano kumanja pang'ono, tione ngati ukonso atalikirana chimodzimodzi."